Tsiku Limene Tinazimitsa Moto wa Amama NyaGondwe

Ana anga, mwakhala mukundivutitsa kuti ndilembe za ntchito yanga ndisanayambe kuiwala, ndiye lero ndakhala pansi pakhonde pano ku Msongwe, magalasi pamphuno, ndikulemba. Za ubwana wanga ku Dowa ndizidumpha, poti munazimva kale kwa amalume anu, ndipo iwo amazithira mchere kuposa ine. Ndiyambira pamene ndinamanga epuloni koyamba. Zaka zanga zonse za ntchito zinathera m'khitchini, ndipo mukandifunsa chodabwitsa chimene ndinaona m'menemo, sindikuuzani za alendo akuluakulu amene ndinawaphikira. Ndikuuzani za chitofu chimodzi ndi mayi amene ankachisonkhezera.

Dedza, ndisanakwatiwe

Ntchito yanga yoyamba inali pa nyumba ina yogona alendo ku Dedza. Ndinalowa ngati wotsuka mbale, pansi pa mkulu wa ophika, a Jumbe, bambo wamfupi wa mawu ochepa amene sankaseka ndi munthu ntchito isanathe. M'khitchini mwawo munali chitofu cha nkhuni, chachitsulo, chakuda bii, chokhala ndi uvuni pambali ndi chumuni chotulukira padenga. Loweruka lililonse alendo akamwa tiyi wam'mawa, a Jumbe ankausiya moto kuti uzime. Chitofu chikazizira tinkachotsa zivundikiro za pamwamba, kuwola phulusa, n'kupala mwaye m'tinjira tonse ta utsi ndi kachitsulo kopinda kunsonga. Ntchito imeneyi ndinkadana nayo kwabasi. Anzanga ankapita kumsika atadzola mafuta, ine ndikutuluka m'khitchini ngati wogulitsa makala.

Loweruka lina ndinang'ung'udza mokweza pang'ono, iwo n'kundimva.

"Iwe Naphiri," anatero a Jumbe, "ukuganiza kuti chitofuchi chimaphika ndi chiyani?"

"Ndi nkhuni, bambo."

Titamaliza kupala anakoleza moto, n'kutola nthenga ya nkhuku imene tinapha m'mawa, n'kuigwira pafupi ndi kakhomo ka nkhuni. Nthenga ija inaweramira m'kati yokha, popanda woiuzira. Ine tsitsi linachita nyau, chifukwa m'khitchinimo munalibe mphepo.

"Waona? Nkhuni ndi theka chabe," anatero. "Theka linalo ndi mpweya. Umalowa apa, umadutsa pamoto, umatulukira kumwamba uko. Ukatsekeka kumwamba, utsi umabwerera kwa iwe. Ukatsekeka pansi, moto umagona. Tsopano tenga tsache."

Phunziro lonse limene ndinalandira pa za zitofu ndi limeneli. Kenako ndinakumana ndi bambo anu kutchalitchi, tinakwatirana, ndipo boma litawasamutsira ku Mzuzu ndinasiya ntchito n'kuwatsatira.

Mzuzu, mvula yathu yoyamba

Ndinkati ndazolowera kuzizira ku Dedza, koma Mzuzu anandiseka. Kuno mvula sigwa n'kusiya ngati kwathu. Imawaza, imapuma, imawazanso, zovala pachingwe n'kumanunkha chinyezi sabata yonse. Chitumbuka sindinkachidziwa, moti mneba akati "monire" ndinkayang'ana kumbuyo kuti mwina akuitana munthu wina. Patapita miyezi ndinapeza ntchito yophika pa sukulu ina ya sekondale ya atsikana yogonera konko.

Tsiku loyamba ndinalowa m'khitchini n'kutulukanso, misozi ili chuchuchu. Utsi unali utadzaza kuchokera kudenga mpaka m'chiuno, ndipo ophika ankayenda chowerama kuti apume mpweya wapansi. M'kati mwa utsiwo munali chitofu chimene sindinaonepo chofanana nacho mpaka lero. Chinali chomangidwa ndi njerwa, chachitali ngati ngolo ya ng'ombe, pamwamba pake chitsulo chochindikala, miphika ikuluikulu italowa m'mabowo ake mpaka m'khosi. Kumapeto kwake kunali uvuni wolowa munthu, ndipo chumuni cha njerwa chinkakwera pakhoma n'kuboola denga. Amene anachimanga anamwalira kalekale, koma ankaidziwa ntchito yawo. Ndinaimirira pakhomo ndikupukuta maso, ndikudabwa kuti chinthu chokongola chotero chingamazunze anthu chonchi.

"Mwafika, NyaPhiri? Yewo chomene. Musawope josi, muzolowera."

Wolankhulayo anali mayi wamtali wowonda, maso ofiira, atakhala pakampando pafupi ndi kakhomo ka nkhuni. Amenewo ndiwo anali amama NyaGondwe a ku Chiputula. Dzina langa analitembenuza tsiku lomwelo kuchoka pa Naphiri kukhala NyaPhiri, ndipo m'sukulu monse ndinatchedwa choncho mpaka kupuma. Josi limene ankanenalo ndiwo utsi m'chinenero chawo.

A NyaGondwe sankaphika. Ntchito yawo inali moto basi, ndipo ankaudziwa ngati mwana wawo. Ankatha kumva pa kulira kwa mphika kuti chikuni china chikufunika, osayang'ana n'komwe. Chimene ankanyadira koposa n'chakuti kuchokera tsiku limene analembedwa ntchito, moto wa m'chitofucho sunazimepo. Madzulo akamaweruka ankaukwirira ndi phulusa n'kuikapo chikuni chachiwisi kuti chizinyeka pang'onopang'ono mpaka m'mawa. Pa tchuthi ankabwerabe kuchokera ku Chiputula tsiku ndi tsiku, ati kudzaphikira alonda tiyi, koma tonse tinkadziwa kuti akubwerera moto. Nthawi zimene machesi ankasowa m'masitolo, mabanja a aphunzitsi ankabwera ndi mapale kudzapala moto kwa iwo, ndipo iwo ankaupereka monyada ngati akugawa nyama ya paukwati.

Nkhuni za mitengo yachilengedwe zinali zitayamba kusowa, ndiye sukulu inkagula zigwagwa, zotsala za matabwa a paini zija anthu amamangira mipanda kuno. Lole inkazitsitsa pamtetete, mvula n'kumazinyowetsa. Paini ali ndi utomoni wambiri, ndipo akamanyeka ali wonyowa utsi wake umamata. Kuonjezera apo, timabowo tolowetsa mpweya m'munsi mwa khoma tinali titatsekedwa ndi masaka, chifukwa mphepo ya m'mawa inkaluma ophika m'miyendo. Ndinaona zonsezi sabata yoyamba, ndipo tsiku lina ndinafunsa mwaulemu kuti kodi chumuni chinapalidwa liti.

"Kupala?" anadabwa a NyaGondwe. "Kupala moto uli m'kati?"

"Ayi amama, timayamba tauzimitsa."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Yayi, NyaPhiri. Kwanu ku Dowa mwina. Kuno moto uwu suzima."

Mkulu wa khitchini wa nthawi imeneyo anandikokera pambali n'kundiuza kuti nkhani imeneyo ndisadzaibwerezenso ngati ndikufuna mtendere. Ndinali mlendo, wamng'ono pa onse, ndiye ndinameza mawu anga pamodzi ndi utsi. Zaka zinapita, inu munabadwa, ine n'kuzolowera kuyenda chowerama ngati anzanga. Ndi a NyaGondwe tinasanduka mayi ndi mwana. Ndiwo anandiphunzitsa Chitumbuka chochepa chimene ndimalankhulachi, ndipo ndiwo anagona nane kuchipatala pamene ndinachira iwe Tadala.

Juni wa chaka chimene ndinakwezedwa

Mkulu wa khitchini atapuma, udindo unagwera ine. Chaka chimenecho kunazizira modetsa nkhawa, nkhungu kumakhala pansi mpaka dzuwa litakwera, ndipo chitofu chinafika poipa. Ukatsegula kakhomo ka nkhuni, utsi unkakuthamangira kumaso. Nyemba zimene kale zinkapsa nthawi ya chakudya chamasana isanakwane tsopano zinkafika m'mbale zili gwa, atsikana n'kumatiimba kuseri kwa holo. Koma zimenezo zinali zazing'ono. A NyaGondwe ankatsokomola mpaka kugwira khoma, ndipo tsiku lina masana, akuwerama kuti asonkheze, anangogwa chammbali pafupi ndi mulu wa nkhuni. Tinawatulutsa panja titawanyamula, milomo yawo itachita mbuu. Ndinachita mantha kwambiri, ndinkaona ngati atisiya m'manja.

Kuchipatala anagonako masiku angapo. Dokotala ananena mosapita m'mbali kuti chifuwa chawo chatopa ndi utsi, ndipo akabwereranso mu utsi womwewo sadzaona nyengo yozizira ina. Mphunzitsi wamkulu wathu, mayi Chirwa a ku Nkhata Bay, anandiitanira ku ofesi. Anali mayi wachilungamo, wosakonda zozungulira.

"NyaPhiri, khalani pansi. Sindikufuna maliro m'khitchini mwanga. Amama aja ndiwapumitsa."

"Mukawapumitsa mwawapha, madamu. Akulera adzukulu amasiye, ndipo kunja kwa khitchini ija alibe kwina kumene amadziwa."

"Ndikawasiya ndawaphanso. Mundiuze inu, ndichite chiyani?"

Ndinawauza za a Jumbe ndi nthenga ya nkhuku. Ndinati chitofucho sichinafe, chatsamwa, ndipo titachizimitsa n'kuchipala mwina utsi ungapeze njira yake. Anandifunsa ngati ndikutsimikiza, ndinati ayi, chifukwa chitofu chachikulu chotero sindinachipalepo. Anagogoda tebulo ndi cholembera.

"Chabwino. Mpaka kutseka kwa teremu ino," anatero. "Ndidzabwera ndekha kudzaona. Utsi ukadzakhalapo, amama apuma, ndipo inu simudzandipemphanso. Koma kuwauza za kuzimitsa motowo ndi ntchito yanu, ine sindilowamo."

Lamulungu masana ndinakwera kabaza kupita ku Chiputula. Ndinawapeza a NyaGondwe pamkeka kuseri kwa nyumba, atafunda bulangeti, akuwothera kadzuwa kochepa kamene kanatuluka. Funso lawo loyamba silinali la thanzi langa kapena la ana. Anafunsa ngati tikuukwirira bwino moto madzulo. Ndinati tikutero, kenako ndinalimba mtima n'kunena chimene ndinabwerera.

Nkhope yawo inasintha. "NyaPhiri, kwanu moto amauzimitsa liti, n'kuwola phulusa lonse kukataya kutali?"

Ndinadziwa kumene akupita, chifukwa kwathunso akale ankachita zomwezo. "Pakachitika maliro, amama."

"Enya. Mwini nyumba akamwalira. Amazimitsa moto wakale, amataya phulusa, amakoleza wina. Ine ndagona kuchipatala, ndabwerako ndi miyendo yanga, ndiye imwe mukufuna mundisesere phulusa ndili moyo? Ndakulakwirani vichi, mwana wanga?"

Ndinayesa kunena kuti ndife akhristu, iwo anati mpingo anaulowa ine ndisanabadwe ndipo ndisawalalikire. Ndinati ndi chitsulo ndi njerwa chabe, iwo anatembenukira kukhoma. Ndinabwerera kunyumba wapansi njira yonse, ndikulira. Ana anga, pa ntchito yanga yonse sindinakumanepo ndi chosankha chowawa ngati chimenechi. Ndikausiya moto, mayi amene anandilandira m'dziko la eni achotsedwa ntchito, kapena afera pakampando kawo. Ndikauzimitsa, iwo adzati ndawalosera imfa, ndipo munthu wodwala akakhulupirira zotero nthawi zina amapitadi. Bambo anu anangondiuza kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'kupitiriza kuwerenga nyuzipepala yawo. Lolemba m'mawa ndinauza ophika kuti Lachisanu tikaphika chamasana, pa chitofu sipaikidwanso chikuni.

Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu la sabata imeneyo

Lachisanu masana tinaika mafuwa pansi pa shedi ya njinga kuti tiziphikira panja, ndipo m'khitchini moto unayamba kutsika. Ophika anzanga ankayenda monyang'ama. Dzuwa litapendeka ndinaona a NyaGondwe akulowa pageti, atafunda bulangeti lawo, m'manja atanyamula mbaula yopanda kanthu. Sanandipatse moni. Anagwada pa kakhomo ka nkhuni, anasankha makala ofiira ndi fosholo, anawaika m'mbaula, n'kutuluka osacheuka. Ndinati mumtima, basi, atenga chawo, sadzabweranso.

Loweruka m'mawa ndinagwira chitsulo cha pamwamba, chinali chozizira. Ndinachotsa dzanja msanga ngati ndagwira mtembo. Wotithandiza anali a Mhango a ku Lupaso, amene ankakonza zowonongeka pasukulupo, bambo wonenepa wokonda nthabwala amene ankaopa kukwera pamwamba kuposa kuopa njoka. Tinayamba ndi kuwola phulusa, mawilibala kupita ndi kubwera. Kenako tinatukula miphika ndi zivundikiro, ndipo pamenepo m'pamene tinaona m'mimba mwa chitofu. Omanga aja anaumba tinjira ta utsi tozungulira mphika uliwonse, todutsa pansi pa uvuni, tonse n'kukakumana patsinde pa chumuni, mwaluso loti ndinaiwala kuti ndabwerera ntchito. Koma tinjirato tinali titadzaza phula lakuda louma, lonyezimira, mwina mongotsala kampata kolowa chala. Tinkagogoda ndi chizulo, n'kumachotsa zibenthu zazikulu ngati njerwa.

Patsinde pa chumuni tinakanika. Phula linali tho, ndipo kachitsulo kanga sikankafika. Ndinauza a Mhango kuti chitofu cha ku Dedza chinali ndi kachitseko kochotsera mwaye, ndiye ichinso sichingalephere kukhala nako. Tinazungulira kunja, khoma linali loyera mbee, popanda chizindikiro. A Mhango anayamba kugogoda ndi hamala pang'onopang'ono, mpaka penapake panalira mosiyana. Atapala anapeza kachitseko kachitsulo. Chaka ndi chaka, alendo akamabwera kudzayendera sukulu, opaka laimu ankangodutsitsa burashi pamwamba pake, mpaka kanakwiririka osadziwika kuti kalipo.

"A Chiuta ŵane!" anafuula a Mhango atakatsegula, mwaye utawakhuthukira pamapazi mpaka m'mawondo. "Mama, ichi si chumuni, ndi nkhokwe!"

Tsopano panatsala pamwamba. A Mhango anayang'ana makwerero, anayang'ana ine, n'kunena kuti mutu umodzi susenza denga, ndiye ngati akwera tikwere tonse. Ndinamanga chitenje ngati thewera n'kukwera, atsikana akukuwa pansi ngati kuli mpira. Pamwambapo tinapeza kuti kachipewa ka lata kotchinga mvula kanadyeka dzimbiri miyendo, n'kukhala pansi pakamwa penipeni pa chumuni. Tinakachotsa. Tinamanga unyolo wa ngolo kuchingwe pamodzi ndi mpukutu wa waya waminga, n'kumautsitsa ndi kuukweza m'chumunimo, a Mhango atatsinzina, akupemphera m'Chitumbuka. Phula linkagwa m'kati ndi phokoso ngati matalala padenga. Tinachita zimenezo mpaka manja anatuluka matuza, ndipo unyolo utafika pansi popanda chougwira, amene anali pa kachitseko anaimba nthungululu.

Madzulo tinamata ming'alu ndi dothi la pachulu losakaniza phulusa, a Mhango anakhoma kachipewa katsopano ka miyendo italiitali, ine ndinazula masaka onse m'timabowo ta mpweya. Zigwagwa tinaziwaza n'kuzisanja pansi pa denga kuti ziume. Ndinafika kunyumba ndili bii ndi mwaye, inu osandizindikira, iwe Tadala unathawira kuchipinda.

Lamulungu m'mawa, nkhungu ili pansi, ndinasanja mapepala ndi tinkhuni touma m'chitofu. Ndinatulutsa machesi. Chumuni chikapanda kukoka utsi ndiye kuti ndawawitsa mtima wa mayi uja pachabe.

"Bwezani machesi m'thumba, NyaPhiri."

Ndinacheuka. A NyaGondwe anali pakhomo, akupuma movutika, mbaula ija ili m'manja, makala ali ngwee. Anayenda nayo kuchokera ku Chiputula. Masiku onsewo ankaisonkhezera kwawo, moto wa m'chitofu chathu sunazime.

"Munkaganiza ndikulolani mundikolezere moto wachilendo?" anatero. "Phulusa mwataya, chabwino. Koma mwini wake sanafe, ndipo moto wake ndi uwu."

Ndinafuna kuwakumbatira koma ndinaopa mbaula. Ndinawapempha kuti asanakoleze abwere kunja aone chinthu chimodzi. Ndinatsegula kachitseko kaja, ndinatenga kagalasi kodziyang'anira m'chikwama changa, n'kukalowetsa mopendeketsa. Anagwada, anasuzumira. M'kagalasimo munkaoneka njira yakuda yowongoka, ndipo kumapeto kwake kachidutswa ka thambo kowala. Anakhala chogwada nthawi yaitali. Mayi amene anadyetsa chitofu chimenecho theka la moyo wake anali asanadziwe kuti m'kati mwake muli njira yofika kumwamba.

"Hii," anatero motsitsa. "Kasi n'kutali nthena? Kutali chonchi?"

Tisanalowenso m'khitchini, ndinayamba ndatentha mapepala pa kachitseko kuti chumuni chifunde, poti chozizira sichikoka, kenako ndinatseka. A NyaGondwe anathira makala awo pansi pa tinkhuni, n'kuwerama kuti auzire monga ankachitira masiku onse. Asanauzire n'komwe, lawi linadzuka lokha n'kugonera m'kati. Kenako tinamva mawu. Mawuwo anayamba ngati munthu akupuma m'tulo, n'kumakula, mpaka chitofu chonse chinkalira chapansipansi, kulira kumene unkakumva m'mapazi. Pa zaka zonse zimene ndinagwira m'menemo ndinali ndisanamvepo mawu amenewo. Ophika anasiya zimene ankachita. A Mhango anavula chipewa. Ine ndinaganiza za anthu aja amene anaumba tinjira timeneti, podziwa kuti mpweya wosaoneka udzatsata pamene manja awo aulozera.

A NyaGondwe anatulukira panja, ife pambuyo. Pamwamba pa denga utsi unkakwera mowongoka, kuboola nkhungu, osapindika. Atsikana amene ankapita kutchalitchi anaima m'njira n'kumaloza. Amama anayang'ana kumwamba mpaka duku linatsetsereka.

"NyaPhiri," anatero, "josi lonse lija linkayenera kupita uko. Ine ndimalimeza."

Kutseka kwa teremu

Musaganize kuti anachira tsiku lomwelo. Chifuwa chinapitirira, ndipo m'khitchini moyera chinkamveka kwambiri kuposa kale, chifukwa tsopano wotsokomola anali iwo okha. Ndinkawerenga masabata ndi mtima uli m'mwamba. Tinagwirizana kuti Loweruka lomaliza la mwezi uliwonse moto uzisamukira m'mbaula, ife tizipala, ndipo iwo ndiwo ankausamutsa ndi kuubweza. Miyendo ya ophika inkazizidwa ndi mphepo ya m'timabowo, koma aliyense wofuna kubwezamo saka ankakumana ndi ine. Nyemba zinayamba kupsa pa nthawi yake. Tinayamba kuyenda choongoka, ndipo tinaona koyamba kuti mitanda ya denga lathu inali yosemedwa bwino.

Sabata yomaliza ya teremu, m'mawa wina, ndinali m'stolo kuyeza ufa pamene ndinamva munthu akuimba m'khitchini. Inali nyimbo ya kutchalitchi ya m'Chitumbuka, mawu otsika, okhuthala, a munthu wodziwa kuimba. Ndinaganiza kuti wina watsegula wailesi. Nditasuzumira ndinaona a NyaGondwe pakampando kawo, akusanja nkhuni, akuimba osadziwa kuti pali womvera. Zaka zonsezo tinadyera mbale imodzi, anandigwira dzanja pobereka, koma sindinkadziwa kuti amaimba.

Pakhomo lakunja panaima mayi Chirwa. Anabwera kudzaona monga analonjezera, ndipo ndinadziwa kuti mawu a ntchito ya amama ali pakamwa pawo. Ndinafuna kuwalonjera, iwo anakweza dzanja kuti ndikhale chete. Tinaima choncho, iwo uko ine kuno, tikudikira chifuwa kuti chidule nyimbo. Ndime yoyamba inatha. Amama anakoka mpweya, wautali, n'kuyamba yachiwiri.

Mayi Chirwa anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango wawo, n'kulowa.

"Mwawuka uli, amama?"

A NyaGondwe anadzidzimuka, nyimbo n'kuduka. Anaimirira akupukuta manja pachitenje, maso ali pa ine, chifukwa nawonso ankadziwa chimene madamu abwerera.

"Tawuka makola, madamu. Kwali imwe?"

"Makola. Khalani pansi, musavutike," anatero mayi Chirwa. "Ndangobwera kudzakuuzani tsiku lotsegulira teremu ya mawa, kuti musadzachedwe. Tsopano malizani nyimbo ija, mwaisiya pakati."